Wailesi ya asilikali imamva mawu a munthu, nanga bwanji imavutika kumva kompyuta?

  Lero tili pa nkhani ya asilikali, koma osati ya mfuti ayi. Ndi ya mawailesi, mawaya ndi manambala. Funso lake ndi ili: njira yolumikizirana imene anaikonza kuti izinyamula mawu a munthu, mukaisenzetsa uthenga wa kompyuta, imakaufikitsa uli bwinobwino kapena wophwanyika?

Mwina mukuti, aa, zimenezo n'za mainjiniya. Koma taganizani. Ife tikamaimba foni kumudzi netiweki n'kuyamba kuvuta, timangoti "halo, mukundimva? Tabwerezani," basi nkhani n'kupitirira. Msilikali amene akutumiza manambala osonyeza pamene pagona mnzake wovulala alibe mwayi umenewo. Nambala imodzi ikasintha panjira, helikopita imakatera kuseri kwa phiri lina, munthu uja akutaya magazi. N'chifukwa chake akatswiri a ku America, Britain ndi mayiko ena a NATO anathera zaka zambiri pa funso limeneli, makamaka kuyambira m'ma 1970.

Mawu asanduka manambala

Tiyambire pansi penipeni. Mukamayankhula, mpweya umagwedezeka. Maikolofoni imasandutsa kugwedezekako kukhala magetsi okwera ndi kutsika ngati funde. Mafoni akale ankangotumiza fundelo mmene lilili, ndipo kwa asilikali vuto lake linali lakuti mawu oterowo ndi ovuta kuwabisa. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, Winston Churchill ndi Franklin Roosevelt ankayankhulana pa foni yodutsa pa wailesi, yokhala ndi kachipangizo kosokoneza mawu. Koma Ajeremani anali ndi siteshoni yawo ku Netherlands imene inkawongola mawuwo n'kumamvetsera.

Yankho linachokera ku Bell Labs ku America mu 1943. Anapanga makina otchedwa SIGSALY, amene ankasandutsa mawu kukhala manambala, kenako n'kuphatikiza manambalawo ndi manambala ena achinsinsi ochokera pa zimbale za galamafoni. Chimbale chilichonse chinali ndi chinzake chofanana nacho kutsidya linalo, chinkatha mphindi 12 zokha, ndipo akachigwiritsa ntchito ankachiwononga. Makina amodzi ankalemera matani oposa 50. A ku London anawaika m'chipinda chapansi ku sitolo ya Selfridges, inde, yomweyo ya pa Oxford Street imene ena a inu mumadutsapo popita ku ntchito. Mawu ake ankamveka ngati a loboti, koma mdani ankangomva kulira ngati kwa njuchi.

Phunziro la SIGSALY linali lakuti mukafuna kubisa mawu kotheratu, asandutseni kaye manambala. Manambala a kompyuta ndi 0 ndi 1 basi, ndipo iliyonse timaitcha bit. Chipangizo kapena pulogalamu yosandutsa mawu kukhala ma bit, n'kuwabwezeranso kukhala mawu, timaitcha codec. Mawu awiri amenewa muwasunge, tiyenda nawo mpaka kumapeto.

Ma codec atatu, makhalidwe atatu

Yoyamba ndi PCM. Anaitulukira ndi injiniya wa ku Britain, Alec Reeves, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Imayeza kutalika kwa funde ka 8,000 pa sekondi, ndipo muyeso uliwonse imaulemba ndi ma bit 8. Mukachulukitsa mupeza ma bit 64,000 pa sekondi. Umenewu ndiwo muyezo wa G.711 wa mu 1972, umene mafoni a m'nyumba padziko lonse anakhazikikapo. PCM ilibe nazo ntchito kuti ikumva chiyani. Kaya ndi munthu, kaya ndi ng'oma, kaya ndi kulira kwa makina, iyo imangokopera fundelo mokhulupirika.

Koma ma bit 64,000 pa sekondi ndi katundu wolemera kwa wailesi ya kutchire. Ndiye asilikali anatenga codec yachiwiri, CVSD, imene inatulukira cha mu 1970. Iyi siyeza kutalika kwa funde. Imangonena chinthu chimodzi: funde lakwera kapena latsika poyerekeza ndi pamene tinali? Likakwera 1, likatsika 0. Zili ngati mukulondolera dalaivala amene akubwerera chambuyo: "bwera, bwera, bwera, pita pang'ono, bwera." Ikaona kuti yanena "kwera" katatu kapena kanayi motsatizana, imakulitsa sitepe kuti ilipeze fundelo. Ikayamba kusinthasintha, imachepetsa sitepe. Ndi ma bit 16,000 kapena 32,000 pa sekondi mawu amamveka ndithu. Mawailesi a SINCGARS a asilikali a ku America, zipangizo zawo zobisira mawu za VINSON, ndi netiweki ya Ptarmigan ya asilikali a ku Britain, zonsezi zinkadalira CVSD ya ma bit 16,000.

Asilikali anaikonda CVSD chifukwa cha kupirira kwake. Mu PCM ma bit ndi osiyana kulemera: bit yoyamba mwa 8 aja ikalakwika, mumamva kuthetheka m'khutu. Mu CVSD bit iliyonse ndi sitepe imodzi chabe, ndipo codec imaiwala msanga cholakwikacho. Ngakhale bit imodzi mwa 100 alionse itamalakwika, mawu amamvekabe. Ndipo ngati munagwiritsapo ntchito mahedifoni a Bluetooth poimba foni, dziwani kuti codec yoyambirira ya mawu mu Bluetooth ndi CVSD yomweyi, kungoti ya ma bit 64,000.

Yachitatu ndi vocoder, kholo la SIGSALY. Anaiyambitsa ndi Homer Dudley wa ku Bell Labs m'ma 1930. Iyi ndiye yodabwitsa, chifukwa situmiza funde la mawu anu mpang'ono pomwe. Imatumiza malongosoledwe a mmene mawuwo apangidwira. Tiyerekeze kuti mukufuna suti yanu ikapezeke ku Lilongwe. PCM imanyamula suti yeniyeniyo. Vocoder imatumiza miyeso yokha kwa telala wa kumeneko, iye n'kusoka ina yofanana nayo. Miyeso yake ndi iyi: kholingo likunjenjemera ngati ponena "aaa," kapena ndi mpweya chabe ngati ponena "sss"? Ngati likunjenjemera, liwu lakwera kapena latsika motani? Mawu ndi amphamvu bwanji? Nanga m'kamwa mwaumbika bwanji?

Vocoder ya LPC-10, imene boma la America linaikhazikitsa ngati muyezo mu 1984, imadula mawu m'tizidutswa ta mamilisekondi 22.5, ndipo kachidutswa kalikonse imakalongosola ndi ma bit 54. Zonse pamodzi ndi ma bit 2,400 pa sekondi, kuchepa pafupifupi ka 27 poyerekeza ndi PCM. Inalowedwa m'malo ndi MELP m'ma 1990, kenako MELPe, imene NATO inaitenga pa muyezo wa STANAG 4591. Imeneyi imatha kutsika mpaka ma bit 1,200 ngakhale 600 pa sekondi. Kwa ife a Chichewa, muyeso uja wa kukwera ndi kutsika kwa liwu si wamasewera. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana, chimasiyanitsa ndi kamvekedwe. Vocoder ikaphonya pamenepo, omvera amangodalira nkhani yonse kuti adziwe mtengo wake uti.

Tsopano kwabwera kompyuta

Ndiye netiweki ya asilikali yamangidwa, yadzaza ndi njira za mawu. Kenako kwabwera makina a fax, makompyuta, ndi zipangizo zotumizira malo a adani kwa owombera mizinga. Zonsezi zikufuna njira, ndipo njira zomwe zilipo ndi za mawu zomwe zija. Chochita n'chiyani? Kuika modem.

Amene munakulira m'nthawi ya intaneti yoimba pa foni ya m'nyumba mukukumbukira kulira kuja, tswiii, khrrr. Imeneyo ndiyo modem. Ntchito yake ndi kusandutsa ma bit kukhala kulira kumene kungadutse pa laini ya mawu, yomwe imalola mafunde a pakati pa 300 ndi 3,400 pa sekondi. Ma modem oyenda pang'onopang'ono, a ma bit 300 kapena 1,200, amangosinthana maliwu awiri: lina kuimira 1, lina kuimira 0. Othamanga amachenjera kuposa pamenepo. Amabisa uthenga mu chimene akatswiri amati phase, kutanthauza pamene funde lafika mu kuzungulira kwake pa nthawi inayake.

Ganizirani tayala la njinga likuzungulira, inu n'kumayang'ana valavu yake nthawi iliyonse wina akawomba m'manja. Valavu ikhoza kukhala pamwamba, pansi, kutsogolo kapena kumbuyo. Malo anayi amenewo akhoza kuimira 00, 01, 10 ndi 11, ndiye kuti kuyang'ana kamodzi kwakupatsani ma bit awiri. Mukagawa tayala m'malo 8, mupeza ma bit atatu. Modem ya fax ya ma bit 4,800 imachita zimenezi ka 1,600 pa sekondi. Ya ma bit 9,600 imasiyanitsa malo 16, posintha phase pamodzi ndi mphamvu ya funde, ka 2,400 pa sekondi. Malo akamachuluka amayandikana, ndiye kaphokoso kakang'ono kamakwanira kuti wolandira asokoneze malo awiri oyandikana.

Apa ndiye pagona nkhani. Khutu la munthu silisamala kwenikweni za phase. Mukhoza kuisintha, mawu n'kumvekabe chimodzimodzi. Okonza ma codec ankadziwa zimenezi, ndiye pofuna kuchepetsa ma bit, phase ndi imene anayamba kuitaya. Chimene khutu silifuna n'chimene modem imadalira.

Tiyeni tione modem ikakumana ndi ma codec athu atatu aja. Pa PCM imadutsa bwino, chifukwa PCM imakopera chilichonse. Pa CVSD zimavuta. Mawu a munthu amakhala ndi mphamvu zambiri m'maliwu otsika, amene amasintha modekha, ndipo CVSD anaikonza potengera zimenezo. Modem imalira mwamphamvu mosapumira, n'kumalumphalumpha mwadzidzidzi. Funde likakwera mothamanga kuposa sitepe ya codec, codec imatsalira m'mbuyo n'kudula ngodya. Ikakulitsa sitepe kuti ilipeze, imayamba kupitirira uku ndi uku, n'kupanga phokoso lakelake. Zotsatira zake, ma modem oyenda pang'onopang'ono amadutsa, othamanga amalakwitsa kwambiri kapena kudukiratu, ndipo njira ya ma bit 16,000 imavuta kuposa ya 32,000.

Pa vocoder ndiye palibe n'chiyembekezo chomwe. Telala uja amadziwa kusoka zovala za anthu zokha. Mukamupatsa miyeso ya njinga, iye asokabe jekete. Vocoder ikamva modem imafunsabe kuti kholingo likunjenjemera bwanji, n'kutulutsa kutsidyako phokoso lofanana pang'ono ndi modem koma lopanda uthenga. Palinso malire a masamu amene Claude Shannon anawalongosola mu 1948: njira iliyonse ili ndi mlingo wa uthenga umene inganyamule. Njira ya ma bit 2,400 singanyamule uthenga wa ma bit 9,600, monganso madzi a mu dilamu sangakwane mu chigubu. Mwaonapo kuti nyimbo imene amakuikirani mukamadikira pa foni ya ku banki imamveka ngati ikuimbidwa pansi pa madzi? N'chifukwa chomwechi. Codec ya foni yanu ya m'manja ikuyesetsa kuisandutsa nyimboyo kukhala munthu woyankhula.

Amayeza bwanji kuti njira ndi yabwino?

Pa mawu, woweruza ndi khutu. Amasonkhanitsa anthu, n'kuwamvetsera mawu ofanana kamvekedwe, n'kuwerenga angati amva molondola. Pa data, woweruza ndi masamu. Amatumiza ma bit ambirimbiri odziwika kale, n'kuwerenga angati afika olakwika. Chiwerengero chimenecho amachitcha bit error rate.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Uthenga wa zilembo 1,000 uli ndi ma bit 8,000. Pa njira imene bit imodzi mwa 100 imalakwika, ija tinati mawu a CVSD amamvekabe, uthengawu ufika ndi zolakwika pafupifupi 80. Pa njira yolakwitsa imodzi mwa 1,000, imene pa mawu mungati ndi yoyera, zolakwika zikhala pafupifupi 8, ndipo mwayi woti uthenga wonse ufike wopanda banga ndi kamodzi pa maulendo pafupifupi 3,000. Kuti ufike bwino ka 99 pa maulendo 100, pamafunika njira yolakwitsa bit imodzi mwa 1 miliyoni. Mwaona kusiyana kwake? Njira imodzi yomweyo, msilikali woyankhula akuti ili bwino, wa kompyuta akuti yafa. Onse akunena zoona. Ubongo wa munthu umadzaza wokha pamene pasowa. Wina akati "ndikubw...ra mawa," mwamva kale. Koma 4721 akasanduka 4761, palibe chokuchenjezani kuti pasintha kanthu.

Pa netiweki ya asilikali palinso zinthu zinayi zowonjezera mavuto. Choyamba, zolakwika sizibwera imodziimodzi, zimabwera mwa chigulu. Galimoto ikalowa m'chigwa, mphezi ikang'anima, kapena mdani akayatsa makina ake otsekereza mawailesi, ma bit mazanamazana amatayika nthawi imodzi.

Chachiwiri ndi kusinthasintha ma codec panjira. Uthenga ukhoza kuyamba pa CVSD kutchire, n'kusinthidwa kukhala PCM polowa mu netiweki ya mafoni wamba, n'kupanikizidwanso podutsa pa setilaiti, n'kubwerera ku CVSD kutsidya. Zili ngati kupanga fotokope ya fotokope ya fotokope. Pa nkhope ya munthu mumamuzindikirabe, koma timalemba ting'onoting'ono timafufutika. Vuto limeneli limakula pamene asilikali a mayiko osiyana akugwira ntchito limodzi, aliyense ndi zipangizo zakwawo, monga zinalili pamene asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anapanga gulu limodzi pansi pa United Nations kum'mawa kwa DR Congo kuyambira mu 2013. N'chifukwa chake NATO imalimbikira kwambiri miyezo yofanana.

Chachitatu ndi mawotchi. Makina a mbali ziwiri ayenera kuwerenga ma bit pa liwiro limodzi. Wotchi ina ikatsogola pang'ono, nthawi ndi nthawi muyeso umodzi umatayika kapena kubwerezedwa. Pa PCM kameneko ndi kagawo kamodzi mwa magawo 8,000 a sekondi. Khutu mwina limva kuti "ti," mwina osamva n'komwe. Koma kwa modem, valavu ija yalumpha malo mwadzidzidzi.

Chachinayi ndi kubisa uthenga. Makina obisira amafuna kuti kiyi wa uku ndi wa uko aziyendera limodzi, bit ndi bit. Mu njira zina zobisira, bit imodzi yolakwika imawononga gulu lonse la ma bit oyandikana nayo. Ndipo bit ikatayikiratu, makina ena amasokonekera mpaka ayambirenso kugwirizana.

Foni yachinsinsi imene inakodwa mu msampha womwewu

Pali chitsanzo chimodzi chokoma. Mu 1987 boma la America linayamba kugawa foni yachinsinsi yotchedwa STU-III. Inkaoneka ngati foni ya mu ofesi, ndipo inkalumikizidwa pa laini wamba. Mukadina batani lachinsinsi, mkati mwake munkachitika zinthu zitatu: vocoder inkasandutsa mawu anu kukhala ma bit 2,400, makina obisira ankawaloka, kenako modem inkawasandutsa kulira kuti adutse pa lainiyo. Ndiye kuti kwa netiweki, foni imeneyi sinalinso munthu woyankhula. Inali modem.

Pa malaini a PCM zinkayenda. Koma makampani a mafoni atayamba kupanikiza mawu kuti anthu ambiri akwane pa chingwe chimodzi kapena pa setilaiti imodzi, komanso mafoni atayamba kudutsa pa intaneti, kulira kwa modem kuja kunayamba kukumana ndi ma codec oyembekezera munthu. Mukhoza kuyankhulana bwinobwino mosabisa, koma mukangodina batani lija, laini n'kuduka. Tangoganizani: mawu asanduka data, data yavala chovala cha mawu, kenako yakumana ndi mlonda amene amalola mawu enieni okha. STU-III inapumitsidwa kumapeto kwa 2009, ndipo mafoni achinsinsi a masiku ano amatsata dongosolo lotchedwa SCIP, limene analikonza kuti lizitha kuyenda pa manetiweki osiyanasiyana.

Ndiye anathana nazo bwanji?

Njira yoyamba ndi yophweka: chepetsani liwiro. Modem ikaona kuti zikuvuta imatsika kuchoka pa 9,600 kupita pa 4,800 kapena 2,400. Ma modem a asilikali a pa wailesi ya HF, ija imagunda kumwamba n'kubwerera pansi kutali kwambiri, amatha kutsika mpaka ma bit 75 pa sekondi. Ndi pang'onopang'ono zedi, koma kuyenda pang'onopang'ono n'kufika kuli bwino kusiyana ndi kuthamanga n'kugwera m'dzenje.

Yachiwiri ndi kuipatsa codec mpata wokulirapo. Codec ya ADPCM ya ma bit 32,000, imene inakhazikitsidwa mu 1984, inkavutika ndi ma modem a 9,600. Muyezo wa G.726 wa mu 1990 uli ndi liwiro la ma bit 40,000, limene cholinga chake chachikulu ndi kunyamula ma modem othamangawo.

Yachitatu ndiyo yanzeru kwambiri: izembeni codec. Ngati njira ya CVSD ili kale ndi ma bit 16,000 pa sekondi, n'kuvutikiranji kusandutsa data kukhala kulira, kenako kulirako n'kukusandutsanso ma bit? Ingolowetsani data mwachindunji. Pamene chipangizo chakale sichingasinthidwe, amaika womasulira pakhomo la netiweki. Iye akamva fax kapena modem, amachotsa ma bit enieniwo, n'kuwatumiza ngati data, ndipo mnzake wa kutsidya amapanganso kulira kwatsopano. Miyezo ya T.38 ya fax ndi V.150.1 ya ma modem imachita zimenezi. Inunso mumazigwiritsa ntchito. Mukaimba ku banki n'kuuzidwa kuti dinani 1, foni yanu ya m'manja situmiza kulira kwa batanilo kudzera mu codec. Imatumiza kauthenga kakuti wadina 1, ndipo netiweki ndi imene imalira m'malo mwanu.

Yachinayi ndi kuteteza uthengawo. Richard Hamming anasonyeza mu 1950 kuti mukawonjezera ma bit ena owerengeredwa mwa masamu, wolandira akhoza kudziwa bit imene yalakwika n'kuikonza yekha. Njira ya Reed-Solomon ya mu 1960 imakonza zolakwika za chigulu, ndipo ndi imene imachititsa kuti QR code yong'ambika pang'ono iwerengekebe. Amasakanizanso ma bit asanawatumize, kuti oyandikana asayendere limodzi. Mphezi ikadya chigawo china, m'malo motaya liwu lathunthu mumataya chilembo chimodzi m'mawu ambiri, zimene n'zosavuta kukonza. Pomaliza, uthenga amaudula m'timapaketi, kalikonse ndi nambala yotsimikizira. Kakafika kolakwika, wolandira amati bwerezani kameneko. Zonsezi zili ndi mtengo wake, uja wa pamsika: zimadya mpata ndipo zimachedwetsa. Data ikhoza kudikira masekondi angapo, koma kucheza kwa anthu sikungadikire, n'chifukwa chake mawu ndi data amazisamalira mosiyana.

Yachisanu ndi kupanga modem yoti codec isaikane. Chitsanzo chake chili m'magalimoto a ku Ulaya. Kuyambira kumapeto kwa March 2018, mitundu yatsopano ya magalimoto mu European Union iyenera kukhala ndi eCall, imene imaimba yokha 112 pakachitika ngozi. Mtundu wake woyamba umatumiza kauthenga kosaposa ma byte 140, konena malo, nthawi ndi galimoto yake, kudzera mu njira ya mawu yomweyo, pogwiritsa ntchito modem yokonzedwa mwapadera kuti ipulumuke mu codec ya foni ya m'manja.

Masiku ano zinthu zatembenuka. Kale data inkapempha lifiti pa galimoto ya mawu. Pano galimoto ndi ya data, mawu ndiwo apaulendo. Link 16, imene ndege ndi zombo za NATO zimagawanirana chithunzi cha nkhondo, ndi netiweki ya data, koma ili ndi malo a mawu a ma bit 2,400 ndi 16,000. Voice note yanu ya pa WhatsApp ndi chimodzimodzi: ndi data yopangidwa ndi codec yotchedwa Opus. Komabe zipangizo za asilikali zimakhala zaka makumi angapo, ndiye zakale ndi zatsopano zimakumanabe.

Pamene masamu amalekezera

Tisanatseke, pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa. Njira zonse tatchulazi zimatsimikiza kuti chimene chafika ndi chimene chinatumizidwa. Sizitsimikiza kuti chimene chinatumizidwacho chinali cholondola. Pa 5 December 2001, kumpoto kwa Kandahar ku Afghanistan, ndege ya B-52 inaponya bomba lolondoleredwa ndi GPS pa asilikali a ku America omwe analiitanitsa. Asilikali atatu a ku America anafa, pamodzi ndi anzawo angapo a ku Afghanistan, ndipo Hamid Karzai, amene anadzakhala mtsogoleri wa dzikolo, anavulala pang'ono. Chinachitika n'chakuti woitanitsayo anali atawerengera malo a adani pa kachipangizo ka GPS, kenako anasintha batire. Kachipangizoko katayakanso kanaonetsa malo amene iko kanali, ndipo manambala amenewo ndi amene anapita ku ndege. Uthenga unafika wopanda banga lililonse, koma unali wolakwika kuchokera pa gwero.

N'chifukwa chake mpaka lero asilikali amaphunzitsidwa kutchula zilembo kuti Alfa, Bravo, Charlie, kunena "niner" m'malo mwa "nine," ndiponso kubwereza manambala amene alandira kuti wotumiza awamve. Ndi nzeru yomwe ija ya Hamming, kungoti ikuchitika ndi pakamwa. Ndipo ndi zomwe mumachita inu potumiza ndalama kumudzi, mukamawauza amayi kuti, "Tawerenganinso nambalayo pang'onopang'ono ndimve."

Kwa inu amene mukuphunzira za makompyuta kapena uinjiniya, kapena muli ndi achibale ku usilikali, funso loti muzifunsa pa njira iliyonse yolumikizirana ndi ili: anaikonzera kunyamula chiyani, ndipo inataya chiyani kuti ipepuke? Mukadziwa chimene inataya, mwadziwa katundu amene singamufikitse.

Lero tilekeze pomwepa.